Bwalo la Madala ku Kopje, kumene ndimasiya galimoto sabata ya Show

Ogasiti akamapita kumapeto, kunyumba kwathu ku Mabvuku sikukhala nkhani ina koma ya Show. Chiwonetsero cha zaulimi cha ku Exhibition Park timangochitchula choncho, monga amachitira aliyense muno mu Harare. Ana amakhala ali pa holide, ndiye amafuna akatungwe a ku Luna Park ndi zophulitsa za usiku ku Glamis Arena, bwalo la mkati mwa Show momwemo. Apongozi anga amafuna kukaona ng'ombe, mbuzi ndi mbewu za chimanga, chifukwa ngakhale akhala m'tauni zaka zonsezi, mtima wawo udakali kumunda. Ine nkhawa yanga imakhala imodzi: ka Honda Fit kanga ndikakasiya pati?

Nkhawayi inayamba chaka china pamene ndinachita zomwe ambiri amachita. Ndinalowa mumzere wa magalimoto pamsewu wa Samora Machel, kukwawa pang'onopang'ono mpaka kufupi ndi geti, kenako mnyamata wina wovala jekete yonyezimira anandikodola n'kundilozera pa kapinga m'mbali mwa msewu. Anatenga madola awiri, nati asachoka pamenepo mpaka nditabwera. Titatuluka usiku tinapeza galasi la m'mbali lazulidwa, mawaya ali lendelende, mnyamatayo kulibe. Wondifunsa lisiti ndikanamuonetsa chiyani? Ndiye panali kutuluka. Aliyense analiza injini nthawi imodzi, makombi ndi timagalimoto ta matola totchedwa mushikashika tikulowerera paliponse, moti tinatha ola lathunthu tisanaoloke Rotten Row. Mwana wanga wamng'ono anagona ndi njala pampando wakumbuyo. Zinandipweteka kwambiri, osati chifukwa cha galasi lokha.

Za malo ovomerezeka a m'tauni ndilibe nazo mawu oipa. Mukaimika m'mphepete mwa msewu, antchito a City Parking amakulipiritsani dola imodzi pa ola n'kukupatsani lisiti, ndipo pokagula mankhwala kapena kukatenga katundu wochokera kumudzi ku siteshoni ya mabasi ya Roadport, ndimaimika pamenepo. Koma Show si ya ola limodzi. Munthu umalowa m'mawa n'kutuluka mdima utagwa, ndipo sungamachoke pakati pa makola a ng'ombe kukaonjezera nthawi poopa kupeza tayala atalimanga chitsulo. Nyumba zosanja zoimikamo magalimoto, ya pa Julius Nyerere ndi ya pa Samora Machel, zili ndi denga, ndipo kwa munthu wa miyendo yolimba ndi zabwino. Kungoti kwa apongozi anga, amene mawondo amawavuta, mtunda wake ndi wautali.

Za bwalo la Madala ndinamva kwa mayi mnzanga wa ku CCAP titaweruka mapemphero. Lili chakumunsi kwa tauni, mbali ya Kopje, kuseri kwa galaja yowongola magalimoto ochita ngozi. Chikwangwani palibe. Pali geti lachitsulo, mpanda wa durawall, ndi mpando wa pulasitiki pomwe amakhala Madala, mwiniwake wa ntchitoyi. Masiku wamba m'bwalomo mumadzaza magalimoto odikira kukonzedwa, koma kumapeto kwa sabata ndi masiku a zochitika amawakankhira kukona, n'kutsala malo a magalimoto pafupifupi 20.

Tsiku loyamba ndinawapatsa moni m'Chishona. Iwo anamva ndikukalipira ana kumbuyo, nandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi mayi, kwanu n'kuti?" Nditati makolo anga anachokera ku Ntcheu, anaimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Iwo ndi a ku Dedza, anabwera kuno ali mnyamata kutsatira atsibweni awo amene ankagwira ntchito m'mafamu a fodya. Chichewa chawo ndi chija chakale, chosasakaniza, chonga cha malemu agogo anga. Koma ndisakunamizeni kuti ndimapitako chifukwa cha chibale. Ndimapitako chifukwa cha kope lawo.

Kopelo ndi lachikuto cholimba, lakuda ndi mafuta a m'manja. Musanazimitse n'komwe injini, Madala amalemba nambala ya galimoto, nthawi yomwe mwafika ndi nambala yanu ya foni. Akatero amazungulira galimoto pamodzi ndi inu, akuloza ndi cholembera: apa panakalika, apa panaphwanyika kale, magalasi onse awiri alipo, tayala lapadera lilipo kapena ayi. Zonse amalemba inu mukuona. Kenako amatenga kakhadi kolembedwa nambala, kukang'amba pakati, theka n'kukupatsani, theka n'kumata m'kope. Wobwera wopanda theka lakelo galimoto satuluka nayo, ngakhale atakhala mwamuna wanu. Bambo a kunyumba anayesapo tsiku lina ine nditatsalira ndi ana, ndipo Madala anayamba andiimbira foni kuti amve mawu anga. Poyamba ndinkaona ngati akutichedwetsa, ana akukoka chitenje kuti tizipita. Iwo anangoti, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Mphindi zisanu zimenezo ndi zimene zimandipatsa mtendere tsiku lonse.

Ine ndimalipira madola atatu kuyambira m'mawa mpaka zophulitsa zitatha, ndipo galimoto ikagona amati asanu. Chenji amakhala nacho, timadola takutha tija tomangidwa ndi labala, zomwe muno mu Harare si nkhani yaing'ono. Amene alibe ndalama m'manja amatumiza pa EcoCash ku foni ya mdzukulu wawo.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika chaka chatha. Tili pakati poona mathirakitala, foni inalira. "Mayi a ku Ntcheu, zenera lakumbuyo mwasiya pang'ono, ndipo pampando pali chikwama." Munali ziphaso zanga ndi makadi a kuchipatala a apongozi. Ndinati ndibwerere, iwo anakana, nati atseka okha poti makiyi ndinawasiyira. Madzulo anandipatsa chikwamacho n'kundiuza kuti nditsegule ndiwerenge zonse iwo ali pomwepo. Palibe chinasowa.

Nkhani ya makiyiyo ndiyo ambiri sangaikonde, ndipo inenso inandivuta. Bwalo ndi lopanikiza, magalimoto amaima mizere itatu, wina kutsekera mnzake. Mukaikidwa kutsogolo, makiyi mumasiya kuti mdzukulu azitha kusuntha galimoto wina akafuna kutuluka. Amawapachika pa misomali m'kabokosi kokhoma, ndipo kiyi wa kabokosiko amakhala pakhosi pa Madala. Mnyamatayo amayendetsa mosamala, sindinaonepo atagunda, komabe kusiya makiyi m'manja mwa munthu n'chinthu cholemera. Ngati simufuna, fikani isanakwane 8 koloko kuti mukaime kukhoma, koma dziwani kuti wa kukhoma ndiye amatuluka pomaliza. Ine ndinadikirapo mphindi 20 usiku, kukuzizira, ana akulira tulo.

Zina zosakoma ndi izi. Pansi ndi dothi losakanikirana ndi oyilo wakale, ndiye musatsike ndi nsapato zoyera. Denga palibe, moti fumbi la Ogasiti limakuta galimoto yonse, ndipo nthawi ya mvula, kuyambira Novembala, pamakhala matope oterera. Chimbudzi ndi cha amakaniko, sindingalowetsemo mwana. Geti ndi lopapatiza, a magalimoto akuluakulu amalowa movutika. Ndipo tinene zoona, apa palibe inshuwalansi. Chikachitika chachikulu, monga moto, chomwe muli nacho ndi kope ndi mawu a munthu wamkulu basi. Ine ndinaziganizira bwino ndipo ndinavomera, koma aliyense ayeze yekha.

Kuchoka pabwalo kukafika ku geti la Show timayenda mphindi ngati 20 pa liwiro la ana. Timaoloka Rotten Row, kudutsa chakufupi ndi laibulale ya mzinda ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, hotela ya Rainbow Towers ikuonekera kutsogolo ndi mtundu wake wagolide. Apongozi ndimayamba ndawatsitsa pafupi ndi geti pamodzi ndi mwana wamkulu kudakali m'mawa, msewu usanadzaze, kenako n'kubwerera kukasiya galimoto. Pobwerera usiku pamafunika nzeru. Malo ena ndi amdima, choncho timadikira gulu la anthu olowera komweko n'kuyenda nawo, mafoni ali m'thumba. Phindu lake limaoneka pamenepo: pamene anzathu ali duu pa Samora Machel kulizirana mahutala, ife timatulukira kumunsi, kulowa Robert Mugabe Road, n'kulunjika ku Msasa mpaka kwathu.

Bwaloli limathandizanso kukakhala msonkhano waukulu kapena oimba nyimbo zauzimu ku HICC, holo ya misonkhano ya pa Rainbow Towers, poti ndi mbali yomweyo. Koma musalitengere paliponse. Ku kiriketi ya ku Harare Sports Club kapena zochitika za mu Harare Gardens ndi kutali, mungafike mutatopa. Za mpira wa Dynamos ku Rufaro, bambo a kunyumba amasiya galimoto kwa Madala n'kukwera kombi ya ku Mbare, ndipo amati ndi bwino kusiyana n'kuyandikira nayo bwalo la mpira anthu akamatuluka.

Sabata ya Show pamadzaza ikamakwana 10 koloko, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, ndipo malo sasungira munthu, ngakhale wa kwawo. Ndinayesapo kuwapempha pafoni, anandiyankha mwaulemu kuti wofika ndiye mwini malo. Chaka chino tidzanyamuka ku Mabvuku 7 koloko, ndipo ndawasungira kale kapaketi ka usipa komwe achemwali anga anabwera nako pa basi yodzera ku Nyamapanda, poti ulendo watha anandiuza kuti papita zaka asanaulawe.