Kulembetsa kayak ya injini ku Texas: mtengo ndi wabwino, koma mapepala ndi amene amagwetsa anthu

Ku Texas, m'dziko la America, kayak (kabwato kakang'ono kopapatiza) yopalasa ndi nkhafi sifuna pepala lililonse la boma. Mutha kuigula m'mawa, masana n'kukhala mukuwedza pa Lake Travis kapena pa Lake Fork. Yopalasa ndi miyendo, monga za Hobie zokhala ndi MirageDrive, nayonso ili chimodzimodzi. Koma tsiku lomwe mwamangirirapo injini, lamulo limayamba kuiwerengera pamodzi ndi maboti a injini, ndipo iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi chikalata cha umwini isanalowe m'madzi a anthu onse. Kutalika kwake sikuwerengedwa, mphamvu ya injiniyo sikuwerengedwanso. Ka trolling motor (kainjini kamagetsi) ka Minn Kota Endura koyendera batire ya 12V, Torqeedo Ultralight, Bixpy, ngakhale injini ya petulo ya mphamvu ya mahatchi 2.5, zonsezi lamulo lake ndi limodzi.

Ntchitoyi ili m'manja mwa Texas Parks and Wildlife Department, yomwe aliyense amangoti TPWD, osati ofesi ya zamagalimoto. Apa anthu ambiri amataya tsiku. Ngati muli ndi kangolo kokokera kayak yanu, kameneko ndiye kamalembetsedwa ku mbali ya zamagalimoto, padera.

Kumbali ya ndalama palibe chodandaula kwenikweni. Boti losafika mafiti 16, omwe ndi pafupifupi mamita 4.9, limalembetsedwa ndi $32 ndipo kulembetsako kumagwira zaka ziwiri. Makayak ambiri owedzera ali m'gulu limeneli: Old Town Sportsman AutoPilot 120 ndi ya mafiti 12, ndipo 136 ndi ya mafiti 13 ndi theka. Chikalata cha umwini, title, ndi $27. Zonse pamodzi ndi $59. Kayak ya anthu awiri yofika mafiti 16 imakwera gulu n'kulipira $53 m'malo mwa $32, choncho yezani kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo musanalembe nambala pa fomu, ndipo musaphatikizepo chiwongolero kapena chomangirira injini. Injini ya petulo imafuna title yakeyake kudzera pa fomu ya PWD 144, ndi $27 inanso, komanso msonkho wa 6.25% wa mtengo wake ngati wogulitsa sanautolere kale. Msonkho umenewu uyenera kulipidwa pasanathe masiku 45 ogwira ntchito kuchokera tsiku logula, kupanda kutero pamabwera chindapusa. Injini yamagetsi sifuna title, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chabwino choyambira ndi yamagetsi. Kayak yopangidwira kupalasa sili m'gulu la maboti olipira msonkho wapadera wa maboti. Msonkho wake ndi uja wamba umene munalipira m'sitolo. Lisiti yosonyeza msonkhowo muisunge bwino.

Fomu yaikulu ndi PWD 143, ndipo imapezeka pa webusayiti ya TPWD. Imafuna dzina lanu ndi adiresi, nambala ya chitupa chanu, dzina la kampani yopanga kayak, chaka chake, kutalika, chomwe inapangidwira, mtundu wa injini, tsiku logula ndi mtengo. Palinso malo oti wogulitsa asainire. Fomuyi inalembedwa poganizira munthu amene wagula boti lalikulu kwa wogulitsa maboti, amene amadzaza zonse yekha n'kukupatsani makiyi. Mwini kayak amafika nayo pa kauntala ali yekha, nthawi zambiri patatha chaka kapena ziwiri chigulireni, wogulitsa uja ataiwala kale za iye. Pamenepa ndi pamene ntchito ya TPWD imatilemera, ndipo ndi pamene tikhalitsepo.

Kayak yatsopano imayenera kubwera ndi pepala lochokera ku fakitale lotchedwa Manufacturer's Statement of Origin, mwachidule MSO. Ndi pepala limeneli limene TPWD amalandira n'kukupatsani title m'malo mwake. Vuto n'lakuti m'masitolo akuluakulu ogulitsa zamasewera kawirikawiri sapereka MSO mukapanda kufunsa, poti kayak yopanda injini sifuna kulembetsa. Pepalalo limatsala m'kabati ya mu ofesi, kapena limatayidwa pamodzi ndi pulasitiki yokutira kayak. Lifunseni musanalipire. Mukalilandira, tembenuzani kuseri: gawo losamutsira umwini liyenera kukhala ndi dzina lanu, tsiku ndi siginecha ya wogulitsa. MSO yosasainidwa kuseri imasonyeza kuti kayak ikadali ya sitolo, ndipo adzakubwezani nayo. Onaninso kuti nambala yolembedwa pa MSO ndi yomweyo imene ili pa kayak yanu, chifukwa m'sitolo mukakhala makayak khumi amtundu umodzi, mapepala amasinthana. Ngati MSO inatayika kale, makampani ambiri opanga makayak amatulutsa ina mukawatumizira lisiti ndi chithunzi cha nambala ya kayak, koma muyenera kudikira, ndiye yambani ndi zimenezi musanayitanitse injini.

Yogula kwa munthu, monga pa Facebook Marketplace kapena Craigslist, ndiye imafuna maso. Choyamba yang'anani kumphuno kwake. Mukaona nambala yoyamba ndi TX, kapena zipsera za masitika omwe anamatulidwa, dziwani kuti kayak imeneyo ili kale m'kaundula wa boma ndipo ili ndi title m'dzina la munthu wina. Zikatero, kalata yogulitsirana payokha sikuthandizani. Mufunika title yeniyeni, osati fotokope, yosainidwa kuseri ndi mwini wake amene dzina lake lili pamenepo. Zili ngati kugula galimoto kumudzi popanda blue book: galimoto mukuyenda nayo, koma boma likudziwa munthu wina. Ngati mwini wakeyo anaitaya, ndi iye yekha amene angapemphe ina, osati inu. Choipa kwambiri ndi kayak imene yadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu osasinthitsa dzina, chifukwa amene akukugulitsaniyo alibe mphamvu yosainira. Webusayiti ya TPWD ili ndi malo ofufuzira mwini wa boti pogwiritsa ntchito nambala ya TX kapena ya pathupi la boti. Fufuzani muli pakhomo pa wogulitsayo, ndalama zikadali m'thumba.

Ngati kayak sinalembetsedwepo, lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi maina onse awiri, tsiku, mtengo, kampani, chaka, kutalika ndi nambala yonse ya kayak, ndipo wogulitsa asainenso pa PWD 143 nthawi yomweyo. Mufunseni ngati akadali ndi MSO kapena lisiti ya kusitolo. Pepala lililonse losonyeza mmene kayak inachokera ku fakitale mpaka kwa inu limafupikitsa nkhani pa kauntala. Musafufute kapena kupaka choyera pa pepala lililonse la umwini. Cholakwika chikachitika, ndi bwino kulemba latsopano.

Njira yomaliza zonse zikakanika ndi bonded title, pomwe mumagula chikole ku kampani ya inshuwalansi chokwana mtengo wa kayak kuphatikizapo theka lake, ndipo chimakhala zaka zitatu kudikira ngati mwini wina atulukire. Kwa boti la madola masauzande ambiri njirayi ndi yomveka. Kwa kayak ya $400 ndi kuvutika kosapindula, ndipo tikuona kuti apa TPWD akanatha kuika njira yopepuka ya timaboti totsika mtengo.

Nambala ya pathupi la kayak, HIN, ndi imene imalumikiza mapepala onsewa. Boma la America linayamba kuilamula mu 1972, ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 12. Pa kayak imapezeka kumbuyo, mbali ya kudzanja lamanja mukayang'ana kutsogolo, pafupi ndi chogwirira. Zitatu zoyamba ndi chizindikiro cha kampani. Zisanu zotsatira ndi nambala ya kayak imeneyo. Zinayi zomaliza, pa makayak opangidwa kuyambira 1984, zimanena mwezi, A kukhala Januwale mpaka L kukhala Disembala, kenako nambala yomaliza ya chaka chopangidwa, kenako manambala awiri a chaka cha mtunduwo. Yothera ndi D323 ndiye kuti inapangidwa mu Epulo 2023. Chaka chimene mulembe pa fomu chichokere pa manambala awiri omalizawo, osati pa chaka chomwe munagula.

Pa pulasitiki nambalayi imakhala yozokotedwa mosazama, ndipo kayak imene yakhala ikukwekwetedwa pamchenga ndi pasimenti imafika poti 5 ndi S, 8 ndi B, 2 ndi Z sizisiyananso. Kumbukirani kuti pa zisanu zapakati zija sagwiritsa ntchito zilembo I, O ndi Q, ndiye chooneka ngati O ndi ziro. Fomu ya PWD 504 ndi yotsimikizira nambalayi: mumaika pepala pamwamba pake n'kukhutiza ndi pensulo yogoneka mpaka zilembo zioneke, kapena kuika chithunzi chowerengeka bwino. Tsukani malowo kaye, ndipo pojambula walitsani tochi kuchokera m'mbali kuti mithunzi itulutse zilembo. Sikuti nthawi zonse amaifuna fomuyi, koma pa kayak yogula kwa munthu kapena yochokera ku state ina ya America, pitani nayo yodzaza kale. Kayak yodzipangira nokha kunyumba imafuna kuti game warden, wapolisi wa zachilengedwe wa TPWD, aione kaye, kenako boma limaipatsa nambala.

Mapepala mutha kukapereka ku likulu la TPWD pa 4200 Smith School Road mu Austin, ku maofesi awo a m'zigawo, ku maofesi ena a msonkho a county (maboma ang'onoang'ono a mu Texas), kapena kutumiza pa positi. Tanena kuti ena chifukwa si county iliyonse imene imagwira za maboti. Imbani foni musananyamuke. Kulembetsa koyamba sikuchitika pa intaneti, ndipo m'nthawi ino chimenechi n'chobwerera m'mbuyo. Malangizo athu ndi oti mupite nokha ku ofesi ya TPWD. Kumeneko amagwira za maboti tsiku lililonse, cholakwika chaching'ono chimakonzedwa pomwepo, ndipo mumatuluka ndi nambala yanu, khadi ndi masitika. Pa positi, siginecha imodzi yosowa imabweza envelopu yonse, ndipo MSO yanu yeniyeni imakhala ikuyenda m'njira. Title siituluka tsiku lomwelo ngakhale mupite nokha: imasindikizidwa ku Austin patatha masiku 21 n'kutumizidwa ku adiresi imene munalemba. Okhala m'nyumba za lendi amene akuyembekezera kusamuka aganizire bwino adiresiyo.

Boma limakupatsani nambala, koma zilembo zomata mumagula nokha. Ziyenera kukhala zilembo zazikulu zosapindika, zosachepera mainchesi 3 m'litali, omwe ndi masentimita 7.6, zamtundu wosiyana ndi wa kayak, zomatidwa mbali zonse ziwiri za theka lakutsogolo ndipo zowerengeka kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pakati pa magulu atatuwo pakhale mpata kapena kamzere, mwachitsanzo TX 1234 AB. Sitika ya boma imamatidwa pamzere womwewo, mainchesi 3 kuchokera pa nambala cha kumbuyo kwa kayak. Pa kayak ya mawangamawanga zilembo zakuda zimabisala. Zoyera zimaoneka bwino.

Chimene palibe amene angakuuzeni pa kauntala n'chakuti makayak ambiri ndi a polyethylene, pulasitiki imene guluu sagwira bwino, ndipo pamwamba pake pamakhala pokhakhala. Zilembo zotsika mtengo zimayamba kutukuka m'makona ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Tsukani malowo ndi sopo, pukutani ndi isopropyl alcohol, ndipo ngati munapakapo mankhwala oteteza ku dzuwa monga 303, achotseni onse chifukwa ndi amene amatereretsa. Tenthetsani pang'ono pulasitikiyo ndi chowumitsira tsitsi, matani, tsindikani kwambiri m'mphepete, ndipo musailowetse m'madzi mpaka mawa lake. Gulani zilembo za guluu wamphamvu zopangidwira pulasitiki yotere. Sitika ya boma muisamale koposa, chifukwa ikagwera m'madzi mulipiranso kuti akupatseni ina.

Khadi ya kulembetsa iyenera kukhala m'kayak nthawi zonse injini ikakhalapo. Kathumba kosalowa madzi komangirira kumpando kamakwanira. Pakhalenso jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, yovomerezeka ndi Coast Guard (nthambi ya boma la America yolondera m'madzi), ndipo mwana wosakwana zaka 13 ayenera kuivala, osati kungoiika pambali. Wezulo ndi nyali za usiku zikhaleponso. Maphunziro a kayendetsedwe ka boti amakakamizidwa kwa obadwa kuyambira pa 1 Seputembala 1993 ngati injini ipitirira mahatchi 15, choncho kayak sikhudzidwa. Kupezeka pamadzi ndi injini musanalembetse ndi mlandu umene chindapusa chake chimatha kufika $500.

Kulembetsanso pakatha zaka ziwiri ndiko gawo losavuta pa ntchito yonseyi. Kumachitika pa intaneti, mutha kuyamba kutatsala masiku 90, nambala ya TX siisintha, ndipo mumangomata sitika yatsopano mutachotsa yakale. Amene abwera ndi kayak yolembetsedwa kale ku state ina amaloledwa kuyenda nayo masiku 90 otsatizana asanaisamutsire ku Texas.

Mukadzachotsa injini n'kubwerera ku nkhafi, kulembetsa mutha kukusiya kuthe. Title yokha ndiyo imatsalabe m'kaundula m'dzina lanu, ndipo wodzagula kayak imeneyo adzaifuna tsiku limene naye adzamangirepo injini yake. Isungeni kunyumba pamodzi ndi mapepala a galimoto, osati m'kayak, ndipo podzagulitsa musainire kuseri, mudzaze gawo lanu la PWD 143, ndi kudziwitsa TPWD kuti kayak yachoka m'manja mwanu.