Miyezi isanu ndi iwiri tili ku Phandalin: mmene Lost Mine of Phandelver watiyendera

Mu Malichi, titangosewera kawiri, ndinalemba mawu ochepa oyamikira bokosi loyambira la Dungeons & Dragons lomwe achimwene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndinati ulendo womwe uli m'bokosimo, Lost Mine of Phandelver, ndi woyenera anthu amene sanagwirepo dayisi ya mbali 20. Nthawi imeneyo ndinkayankhula ndi chimwemwe cha munthu wongolawa kumene. Lero tili mu Okutobala, ulendowo tinaumaliza Loweruka lapitali titakumana ka 16, ndiye ndati ndibwerenso ndinene zomwe maso anga aona.

Kwa amene masewerawa ndi achilendo kwa inu: anayamba ku America mu 1974, ndipo anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Munthu mmodzi amayendetsa nkhani, kufotokoza malo ndi anthu. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nkhaniyo n'kumanena zomwe munthu wakeyo akuchita. Pakakhala chokayikitsa, monga kulumpha chigwembe kapena kulasa mdani, dayisi ndiyo imagamula. Zili ngati nthano za madzulo, koma omvera sathera pa "tili tonse", amalanda nthanoyo n'kuikhotetsera komwe akufuna.

Bokosi lathu ndi lija linatuluka mu 2014. Muli kabuku ka malamulo ka masamba 32, buku la ulendo la masamba 64, madayisi asanu ndi imodzi, ndi mapepala asanu a anthu okonzedwa kale: ankhondo awiri, wansembe, wakuba ndi wamatsenga. Tidole mulibe, mapu aakulu oyala patebulo mulibenso. Ife tinkajambula mapu kuseri kwa kalendala yakale, zitsekerero za mabotolo zinkakhala osewera, nyemba zinkakhala adani. Osewera anga anali mphwanga, mlamu wanga, mnzanga wa kuntchito, mwana wa mlongo wanga yemwe ali Folomu 2, ndi mnzake wa kusukulu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasewerapo, ine ndemwe ndinali ndisanayendetsepo.

Chiyambi chake ndimachikondabe mpaka lero. Gundren Rockseeker, wokumba migodi, akulemba ganyu osewera mumzinda wa Neverwinter kuti aperekeze ngolo ya ng'ombe yodzaza katundu kupita ku Phandalin, malipiro ndalama zagolide 10 munthu aliyense. Basi. Palibe mbiri yaitali ya mafumu ndi milungu yoti munthu aloweze asanayambe. Ganyu woperekeza ngolo aliyense amamumva. Ali pa msewu apeza akavalo awiri akufa, mivi yakuda ili zoo m'nthiti, ndipo nkhani yayamba pomwepo.

Koma pamenepa ndi pomwe ndiyenera kukonza mawu anga a mu Malichi. M'tchire mwabisala magoblin anayi, tizilombo tating'ono tokhala ngati anthu. Munthu aliyense amakhala ndi nambala ya mphamvu, ikatha amagwa. Muvi wa goblin umachotsa mphamvu za pakati pa 3 ndi 8, pomwe wamatsenga wa m'bokosimo amayamba ndi mphamvu 8 zokha. Mwana wa mlongo wanga anasankha wamatsenga ameneyu, anakhala sabata yonse akuwerenga matsenga ake, ndipo tsiku loyamba mivi iwiri inamugwetsa asanaponye dayisi ngakhale kamodzi. Anangoika pensulo pansi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndiye kuti ine ndatuluka?" Mtima unandiwawa. Wansembe anamudzutsa, masewera anapitirira, koma ndinaona kuti pang'ono pokha mwanayo akanapita osabweranso. Bukulo limanena ndithu kuti magoblin akapambana asaphe anthu, angowasiya ali chikomokere n'kuba katundu. Ine ndinali ndisanawerenge bwino ndime imeneyo. Amene mukufuna kuyendetsa ulendowu, muiwerenge kawiri. Ndipo ngati osewera anu ndi ana kapena ndi ochepa, magoblin akhale atatu, mivi yoyamba ilunjike kwa ankhondo ovala zitsulo.

Phanga la magoblin a Cragmaw ndi sukulu yabwino kwambiri. Chipinda chilichonse chimaphunzitsa chinthu chimodzi. Pali mimbulu itatu yomangidwa maunyolo, yomwe mlamu wanga anaiponyera nyama m'malo moimenya, ndipo tonse tinazindikira tsiku lomwelo kuti si chilichonse chofuna lupanga. Pali madzi omwe magoblin amatsegula kuti akokolole olowa. Pali Yeemik, goblin wogwira mkaidi Sildar Hallwinter, mnzake wa Gundren, pamphepete pa phompho, yemwe akufuna kuti osewera amuphere bwana wake Klarg kuti iye atenge ufumu. Osewera anakangana mphindi makumi awiri ngati n'koyenera kupangana ndi munthu wotero. Ine ndinangokhala chete, kumvetsera. Klarg yekhayo ndi woopsa kwa anthu a level 1 (sitepe yoyamba, munthu asanakule mphamvu), chibonga chake chikhoza kugwetsa munthu kamodzi kokha, choncho musawakankhire kwa iye ali otopa.

Chomwe chinatigwira miyezi yonseyi si mgodi wotayika wa Phandelver, wa pamutu wa bukuli, ayi. Ndi tauni ya Phandalin.

Ndi katauni kakang'ono, ka sitolo ziwiri zitatu, nyumba ya alendo ya Stonehill, kachisi mmodzi, ndi mabwinja a nyumba yaikulu ya Tresendar pamwamba pa chitunda. Kakuzunzidwa ndi gulu la achifwamba ovala zofiira otchedwa Redbrands. Mkulu wa tauniyo, Harbin Wester, amawaopa ndipo amangoti ndi anyamata ovuta pang'ono chabe. Mmisiri wosema, Thel Dendrar, anayesa kuwatsutsa, anamupha, mkazi wake Mirna ndi ana awiri anawatsekera kuti akawagulitse. Nditafotokoza zimenezi, mphwanga, yemwe mpaka pamenepo ankangosewera pofuna kundisangalatsa, anaweramira kutsogolo n'kunena kuti, "Achimwene, mfumu yamantha chonchi timaidziwa. Tiyeni kumtunda kuja usiku uno." Kuyambira tsiku limenelo sindinafunikenso kukumbutsa aliyense pa WhatsApp kuti Loweruka tikumana.

Mapepala a anthu okonzedwa kale aja anathandiza kwambiri apa, ndipo ndikulangiza oyamba kuti asawanyoze. Wakuba uja anali m'gulu la Redbrands kale, ndipo azakhali ake, Qelline Alderleaf, ali ndi munda m'tauni momwemo. Wansembe ndi msuweni wa Gundren. Mmodzi wa ankhondo makolo ake anachokera ku Thundertree, mudzi womwe unawonongeka phiri la Hotenow litaphulika. Aliyense ali ndi chingwe chomumangirira ku dera limeneli. Mnzanga wa kuntchito, yemwe anatenga wakuba, ankati akafika m'tauni ayambe wakapereka moni kwa azakhali, ndipo ine ndinkayankha ngati mayi wa kumudzi, kumufunsa ngati wadya. Kabuku ka malamulo ka m'bokosimo sikaphunzitsa kupanga munthu wako kuyambira pachiyambi, ndipo poyamba ndinkaona ngati n'chosowa. Pano ndikuona kuti kwa ife zinali bwino choncho.

Pansi pa nyumba ya Tresendar anapulumutsa Mirna ndi ana ake, anapeza kuti mtsogoleri wa achifwamba, Glasstaff, ndi Iarno Albrek yemwe Sildar ankamufunafuna ngati mnzake. Anapezanso Droop, kagoblin kamantha komwe zilombo zikuluzikulu zinkakazunza. Bukulo limangokatchula m'mizere yochepa. Ana aja anakatenga, anakasokera malaya, ndipo kanayenda nafe mpaka kumapeto. Usiku wina magetsi atazima tinasewera ndi kandulo pakhonde, ndipo mnzake wa mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene masabata oyamba sankatulutsa mawu, anaimirira n'kuyankhula m'malo mwa Droop pamaso pa mkulu wa tauni, kupempha kuti asakathamangitse. Anayankhula ndithu, mawu akunjenjemera. Palibe anaseka.

Gawo lachitatu la bukuli ndi lomwe limafuna nzeru za woyendetsa. Nkhani imatambasuka, anthu a m'tauni amapereka maganyu osiyanasiyana, ndipo osewera amasankha okha kopita. Zina ndi zokoma zedi. Ulendo wopita kwa Agatha, mzukwa wokhala pafupi ndi Conyberry, ulibe ndewu n'komwe. Umapita ndi chipeso chasiliva, umayankhula mwaulemu, iye amayankha funso limodzi lokha. Mlamu wanga anagwada pokapereka chipesocho monga tichitira kwa akuluakulu, ndipo sindinamuuze n'komwe kuti aponye dayisi. Koma kwa masabata atatu kapena anayi gulu linasokonezeka, linaiwala kuti Gundren, yemwe magoblin anamugwira pa msewu paja, akadali m'manja mwa adani ku Cragmaw Castle. Ndinachita kumugwiritsa ntchito Sildar kuti aziwakumbutsa nthawi ndi nthawi. Oyamba amafuna ufulu, koma ukachuluka nthawi imodzi amangoyang'anana.

Za ku Thundertree ndichenjeze mosabisa. M'nsanja ya kumeneko muli chinjoka chobiriwira, Venomfang. Mpweya wake wa poizoni ndi madayisi 12 a mbali zisanu ndi imodzi, pafupifupi mphamvu 42 pa kupuma kamodzi, pomwe anthu a level 3 ambiri safika 30. Bukulo limati chikavulala theka chimathawa, komabe gulu lonse likhoza kutha chisanafike pamenepo. Ine ndinachipatsa pakamwa. Chinawalandira mokoma, chinawanamiza, chinawalonjeza chuma. Iwo anaona mafupa pakhomo, anamvera chenjezo la mkulu Reidoth, anatenga mkanda wa Mirna womwe anaupitira, n'kubwerera. Mpaka lero amakambabe zoti tsiku lina adzabwererako.

Mapeto ake, ku Wave Echo Cave komwe kuli mgodi uja, anatitengera masabata anayi. Ndi phanga lalikulu la malo 20, lokhala ndi phokoso la mafunde lomveka pansi pa nthaka, ndipo ndinkamenya chidebe pansi pa tebulo kuti alimve. Ndewu zake n'zabwino. Chomwe chinandikhumudwitsa ndi mdani wamkulu, Nezznar, wotchedwa Kangaude Wakuda. Ulendo wonse osewera amangomumvera m'kalata ndi m'mphekesera, ndipo akakumana naye ndi munthu wa mphamvu 27 zokha, wodalira akangaude ake anayi. Kwa ife anagwa msanga, ndipo mphwanga anafunsa kuti, "Ndi yemweyu?" Ndikanayambiranso, ndikanamuonetsa msanga. Akanabwera ku Phandalin atabisa nkhope, n'kudya nawo pa Stonehill, kapena akanatumiza uthenga woopseza azakhali aja. Osewera ankamuda Glasstaff kwambiri kuposa Nezznar chifukwa anaona ndi maso zomwe anachitira anthu omwe ankawadziwa.

Pa za chiyankhulo: bukuli lili m'Chingerezi, koma patebulo pathu nkhani inkayenda m'Chichewa. Ndime zowerengera osewera ndinasiya kuziwerenga momwe zilili pofika sabata yachitatu. Ndinkaziwerenga Lachisanu usiku, n'kulemba mfundo zitatu m'kope, Loweruka n'kuzifotokoza ndi mawu anga. Ndinkasamalanso mawu. Ndinkati "wamatsenga", osati "mfiti", ndipo mayi a mtsikana uja atafunsa zomwe timachita, ndinawaitana kuti adzaonere. Anakhala ola lathunthu, anaona ana akuwerengetsa manambala ndi kukambirana njira, ndipo pochoka anatisiyira mtedza wokazinga.

Mabuku awiri a m'bokosimo ndi a chikuto chofewa, moti la ulendo ndinalikuta ndi pulasitiki ngati buku la sukulu, ndipo lapirira. Madayisi asanu ndi imodzi pa anthu asanu ndi mmodzi amachedwetsa, choncho tinaika pulogalamu yoponya madayisi pa foni imodzi. Mapepala a anthu muwafotokope musanalembepo, chifukwa chofufutira chimawaboola pofika level 3.

Alipo maulendo ena a oyamba. Dragons of Stormwreck Isle wa 2022 ndi waufupi, umathera pa level 3, ndipo ungayenere gulu lomwe silikudziwa ngati lidzakumana miyezi yambiri. Dragon of Icespire Peak wa 2019 umachitikira ku Phandalin komweko, maganyu ake amamatidwa pa bolodi m'tauni, ndipo bokosi lake lili ndi malamulo opangira munthu wako. Koma wina atandifunsa lero kuti ayambe ndi uti, ndingamufunse kaye ngati ali ndi anthu anayi kapena asanu omwe angabwere kawiri pa mwezi. Akati eya, ndimuuza Phandelver, ndi machenjezo atatu aja: magoblin a pamsewu, chinjoka, ndi Kangaude wosaoneka. Magawo awiri oyamba okha anandiphunzitsa kuyendetsa masewera popanda wondionetsa.

Osewera anafika level 5, Gundren anawapatsa gawo limodzi mwa magawo khumi a phindu la mgodi, ndipo chinthu choyamba chomwe anagwirizana chinali kumangira Mirna nyumba. Mwana wa mlongo wanga, yemwe anagwa ndi mivi iwiri tsiku loyamba lija, wabwereka buku la ulendo. Akuti tchuthi cha Disembala akayendetsa yekha kwa anzake a m'kalasi, ndipo dzulo ananditumizira uthenga kufunsa ngati magoblin atatu akukwana pa anthu anayi.