Upwork kwa wa IT woyamba kumene ku Mzuzu: madola alipo, koma musathamangire kutula pansi ntchito

Upwork ndi msika wa pa intaneti pomwe makampani ndi anthu akunja amapezera aganyu a ntchito za kompyuta: kumanga website, kukonza database, kulemba mapulogalamu. N'zomveka kuti womaliza kumene ICT ku Mzuni aikhumbire. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wolandira makwacha amaona malipiro ake akuchepa chikhalirecho pamene wolandira madola akupumako. Chiweruzo chathu n'chakuti Upwork ndi yabwino ngati ntchito yamadzulo, koma siingalowe m'malo mwa ntchito yokhazikika pa zaka ziwiri zoyambirira.

Kulembetsa n'kwaulere, kufunsira ntchito ayi. Kalata iliyonse imadya ma Connects, timatikiti tofunsira ntchito togula pa Upwork pomwepo, imodzi masenti 15 a dola, ndipo ntchito zokoma zimafuna ochuluka. Watsopano alibe mbiri yoti kasitomala aione, choncho amatumiza makalata ambiri asanayankhidwe, uku akulimbirana ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Philippines amene ali ndi mbiri ya zaka. Ntchito ikapezeka, Upwork imadula gawo lake, lomwe limatha kufika 15 peresenti.

Pomwe timaiyamikira ndi pa chitetezo cha malipiro. Pa ntchito ya mtengo umodzi, kasitomala amaika ndalama kwa Upwork inu musanayambe. Mukapereka ntchito iye n'kukhala chete masiku 14, ndalamazo zimatuluka zokha, kenako mumadikira masiku ena asanu. Lamulo lake ndi limodzi: musagwire gawo la ntchito lomwe silinaikidwe ndalama, ngakhale kasitomalayo alankhule mokoma bwanji. Pa ntchito ya maola, yatsani pulogalamu yawo yowerengera nthawi, imene imajambula sikirini kamodzi pa mphindi khumi zilizonse, ndipo muzilemba zomwe mukuchita. Maola olemba pamanja satetezedwa. Wina akakuuzani kuti tipite pa WhatsApp tizikalipirana kumbali, kanani. Akaunti imatsekedwa chifukwa cha zimenezi, ndipo akuba ambiri amayambira pamenepo.

Tsono apa pali nkhani ya Mzuzu weniweni. Kasitomala wa ku New York samva kuti magetsi a ESCOM anathima ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa. Amangoona kuti ntchito yachedwa, n'kukulembani ndemanga yoipa imene imatsitsa Job Success Score yanu, malikisi amene Upwork imaonetsa makasitomala za momwe mumagwirira ntchito. Werengani motere: laputopu ndi rauta pamodzi zimadya mawati pafupifupi 70. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati-ola 1,200, koma ngati ndi la asidi musalitsitse kupyola theka, apo ayi lifa msanga. Mwatsala ndi 600, ndipo inveta ikadyapo yake, mugwira maola asanu ndi awiri basi. Sola imathandiza, koma mukudziwa mitambo ndi mvula yowaza ya kuno. Gulani panelo yokulirapo kuposa imene ingakwanire munthu wa ku Karonga. Pa netiweki khalani ndi Airtel ndi TNM zonse ziwiri. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo imathamanga, koma mtengo wake si wa munthu amene sanalandirepo dola. Kumbukiraninso kuti New York ili m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7, kotero misonkhano imagwa madzulo ndi usiku, zomwe zimakomera munthu amene masana ali ku ofesi.

Madola akalowa kudzera ku banki amasinthidwa pa mtengo wa banki, pomwe katundu wa m'masitolo amatsata mtengo wina. Msonkho wa MRA nawo mudzilipirira nokha, palibe akawunti wokudulirani PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a pamwezi.

Ambiri akamayerekeza amangoyang'ana ndalama yolowa m'thumba pakutha pa mwezi, n'kuiwala zimene bwana amasenza. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5, komanso azikulipirirani inshuwalansi ya moyo. Employment Act ya 2000 imapereka tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Mukakwanitsa chaka, mukadwala muli ndi masabata anayi a malipiro onse ndi asanu ndi atatu a theka. Malo ena amawonjezera MASM, inshuwalansi ya chipatala. Pa Upwork malungo a sabata imodzi ndi sabata yopanda kanthu, ndipo kasitomala angathetse mgwirizano tsiku lililonse. Inde, ntchito ya mu ofesi nayo si mwala: nthawi yoyeserera imatha kufika miyezi 12, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe zimatha pulojekiti ikatha. Werengani kalata yanu yolembedwera ntchito musanadzitche wokhazikika.

Chachikulu kuposa penshoni ndi maphunziro. Pa banki, pa chipatala kapena pa sukulu mumagwira seva yeniyeni, mumaona switch (kachipangizo kolumikiza makompyuta pa netiweki) ikufa nthawi ya mphenzi, mumaphunzira kubwezeretsa backup (kope la mafayilo losungidwa padera) pali wamkulu pambali wokuwongolerani. Kasitomala wa pa Upwork amalipira zomwe mukudziwa kale, saphunzitsa. Woyamba kumene akangokhala paganyu amatha kutsekeredwa pa tintchito ta WordPress (pulogalamu yomangira website) zaka zingapo, luso osakula.

Njira imene timalangiza ndi iyi. Onani kaye ngati kalata ya ntchito ikuloleza ganyu, ndipo musagwiritse laputopu kapena intaneti ya kampani. Sankhani luso limodzi, osati zonse, ndi kutenga maola osapitirira khumi pa sabata. Lingalirani zochoka pokhapokha zinthu zitatu zitakwana: muli ndi makasitomala awiri obwerabwera, zomwe mumapeza mutachotsa gawo la Upwork, msonkho, data ndi 15 peresenti yodzisungira ngati penshoni zaposa malipiro anu kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, komanso mwasunga ndalama ya lendi ndi chakudya ya theka la chaka. Zikatero perekani notisi ya mwezi umodzi ndipo musiye mapasiwedi ndi zolemba zonse m'manja mwa okulowani m'malo. A IT ku Mzuzu ndi ochepa, ndipo amadziwana.