Mawotchi oyezera ntchito aja atha miyezi 9 m'manja mwa ophunzira

Dipatimenti yathu itagula mawotchi 12 oyezera nthawi ya ntchito, pamodzi ndi timatabwa tawo topanirapo fomu, ndinawatamanda nditangowagwiritsa ntchito sabata ziwiri. Ndinati ndi opepuka, manambala ake amaoneka bwino, ndipo amasunga nthawi ya chigawo chilichonse cha ntchito wotchi ikuyendabe. Zonsezo sizinasinthe. Kungoti pa sabata ziwiri chinthu chimakhala chidakali mlendo. Pano adutsa m'manja mwa makalasi awiri a ophunzira uinjiniya wa m'mafakitale, ndipo khalidwe lawo ndalidziwa.

Mwa 12 aja, 10 akugwira ntchito ngati atsopano. Ina inagwa pa simenti ndipo batani lake logawira nthawi limakanirira mkati. Ina inayamba kuzima yokha chivundikiro cha batire chitakhwepa. Mabatire ndasintha kamodzi, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinaphunzira kuti ukachotsa batire, zonse zimene wotchi inasunga zimafufutika. Gulu lina linataya ntchito ya masana onse. Kuyambira pamenepo palibe amene amatuluka m'labu asanakopere manambala ake pa fomu ndi pensulo.

Chimene ndinachitchula modutsa poyamba paja, koma chapezeka kuti ndiye chachikulu, n'choti mawotchiwa amagawa mphindi imodzi m'magawo 100 m'malo mwa masekondi 60. Ophunzira ankandifunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangogwiritsa ntchito foni?" Yankho linabwera lokha titafika pophatikiza manambala. Nthawi yolembedwa 0.12, 0.31 ndi 0.08 umangoiphatikiza ngati manambala wamba, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha katundu, basi. Koma sabata zoyamba mutu umakana. Mtsikana wina wakhama ndithu anawerenga 0.45 ngati masekondi 45, pomwe ndi masekondi 27, ndipo ndondomeko yake yonse inafuna antchito ochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Sindinamukonze msanga. Ndinamusiya mpaka anaona yekha kuti fakitale yake ya papepala yadzaza anthu ongokhala.

Ntchito imene timayeza m'labu ndi yomanga pulagi ya magetsi ya mapini atatu: kutenga thupi la pulagi, kulowetsa mapini, kuika fyuzi, kuvundikira, kumanga sikuluu. Wophunzira mmodzi amamanga, anzake amuzungulira ndi timatabwa. Apa ndi pamene wotchi yabwino imaulula kuti vuto silili pa wotchi. Anthu asanu akuyeza munthu mmodzi, manambala asanu osiyana, chifukwa sanagwirizane kuti chigawo chikuthera pati. Wina amadina batani sikuluu ikathina, wina amadikira kuti sikuludilaiva igunde patebulo. Tinagwirizana zotsatira kugunda kwa patebuloko, poti kumamveka ndi khutu ngakhale maso ali pa fomu, ndipo manambala anayamba kuyandikana. Zigawo zazifupi kwambiri, monga kutola fyuzi, chala sichizipeza. Pamenepo foni ija imabwerera, koma ngati kamera: timajambula, n'kuonera kanemayo pang'onopang'ono. Si nzeru yatsopano. Frank ndi Lillian Gilbreth, akatswiri a ku America ofufuza kagwiridwe ka ntchito, ankajambula antchito pa filimu, wotchi ikuoneka m'chithunzimo, zaka zoposa 100 zapitazo.

Chondikwiyitsa mpaka lero ndi kulira. Ukadina batani, wotchi imati "pii", ndipo palibe pozimitsira. Womanga pulagi akangomva kuliraku manja amasintha. Ena amathamanga ngati ali pa mpikisano, ena amayamba kuchita mwaulemu ngati akusamalira dzira. Mnyamata wina ndinamuona akugwetsa sikuluu katatu motsatizana, thukuta lili pamphumi, pomwe dzulo lake ankamanga pulagi yomweyo akucheza. Tinamata selotepi pa tibowo ta sipika, phokoso linachepa koma silinathe. Komabe ndinapezerapo phunziro. Ndimawauza kuti mu 1911 antchito osungunula zitsulo ku Watertown Arsenal, ku United States, ananyanyala ntchito chifukwa cha munthu woima kumbuyo kwawo ndi wotchi, ndipo nkhaniyo inafika ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, mpaka Frederick Taylor, amene anatchukitsa njira yoyeza ntchito ndi wotchi, anakayankha mafunso pamaso pa komiti. Wophunzira amene wamva yekha mtima ukugunda poyezedwa amaimvetsa nkhaniyi kuposa amene wangoiwerenga, ndipo saiwala kuyamba wafotokozera wantchito chimene akudzachita asanatulutse wotchi m'thumba.

Gawo limene wotchi singathandize konse ndi rating, kuweruza liwiro la munthu ndi maso. Timatsatira sikelo ya ku Britain, imene 100 imafanana ndi kuyenda makilomita 6.4 pa ola pamalo osalala usananyamule kanthu, kapena kugawa makhadi 52 pa mphindi 0.375. Ndimagawa makhadi patebulo, iwo n'kulemba nambala yawo mobisa, kenako timafananiza ndi zimene wotchi yanena. Tsiku loyamba zimakhala zoseketsa: liwiro lomwelo wina ati 80, wina ati 130. Ambiri amakweza munthu wochedwa n'kutsitsa wachangu, ngati akuopa kuchoka pa 100. Zimatenga masabata kuti maso akhazikike, ndipo ena semesita imatha asanakhazikike. Pa zonse zimene tagwiritsa ntchito chaka chino, paketi ya makhadi ija yaphunzitsa zambiri kuposa mawotchi.

Phindu lenileni la mawotchiwa ndinaliona titafika pokonza ndondomeko ya kapangidwe ka katundu. Kale ndinkapatsa ophunzira manambala okonzakonza a m'mafunso, iwo n'kumawakhulupirira ngati agwa kumwamba. Ulendo uno anagwiritsa ntchito awo. Tinene kuti chigawo chatenga mphindi 0.40 ndipo rating ndi 110, ndiye kuti ukachulukitsa 0.40 ndi 1.10, nthawi yake ndi 0.44. Ukawonjezera 5 peresenti ya zofunika za m'thupi ndi 4 peresenti ya kutopa, monga zilili m'matebulo a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, imafika pafupifupi 0.48. Kenako ndinawapatsa oda: mapulagi 700 pa shifiti ya mphindi 420, kutanthauza kuti takt time, nthawi imene pulagi iliyonse iyenera kutulukira kuti oda ikwane, ndi mphindi 0.60. Anaika matebulo anayi pamzere n'kugawana zigawo. Tebulo lomangira sikuluu linkafuna 0.72. Pasanathe mphindi 10 mapulagi anaunjikana pamenepo mpaka ena kugwera pansi, wa tebulo lomaliza atapinda manja. Papepala anali ataona kale kuti mzere wotere sungapitirire mapulagi 583, koma mulu uja ndi umene unawatsimikizira. Anakangana okha ngati asamutse chigawo chimodzi kapena aike munthu wachiwiri pa sikuluu, ine ndili phee pakona. Ndipo titajambula tchati cha Gantt cha maoda a sabata yonse, chosonyeza ndi mizere nthawi yoyambira ndi yothera ya ntchito iliyonse, aliyense ankadziwa kuti mzere uliwonse pa tchaticho ukuchokera pa nambala imene iye anadina ndi chala chake, rating yokayikitsa ili momwemo.

Pali msampha umodzi umene labu imatchera. Ophunzira si antchito ozolowera, choncho pulagi ya 30 imatha msanga kuposa yachitatu. Ukayeza zoyambirira, nthawi yako imakhala yonama. Tsopano womanga amayamba wayeserera tsiku lathunthu tisanamuyeze.

Mawotchiwa sathandiza pa ntchito yosabwerezabwereza, monga ya makaniko wokonza makina kapena ya wosunga katundu m'sitolo ya fakitale. Pamenepo timaphunzitsa work sampling, njira imene L. H. C. Tippett anayambitsa m'mafakitale a nsalu ku Britain m'ma 1930, yongosuzumira pa nthawi zosadziwika n'kulemba chimene munthu akuchita. Pa MTM (Methods-Time Measurement), njira yowerengera nthawi ya kusuntha kulikonse kwa manja ndi thupi yomwe inatuluka mu 1948, nthawi imachokera m'matebulo, muyezo wake umodzi, wotchedwa TMU, kukhala masekondi 0.036, ndipo wotchi timangoitenga pofuna kufananiza.

Timatabwa tija ndiye sindingatigulenso. Chopanira wotchi chili mbali imodzi yokha, moti ophunzira amanzere amagwira mopotoka, ndipo atatu anangotisiya n'kumakoleka wotchi m'khosi. Mawotchi ndingagulenso, bola akhale ndi pozimitsira kulira, ndipo ndingachepetse chiwerengero: asanu ndi imodzi akukwanira, poti gulu la anthu anayi limafuna woyeza mmodzi, wojambula mmodzi, womanga, ndi wina wongoyang'ana manja n'kulemba rating. Awiri owonongeka aja ndapereka kwa amisiri a m'labu kuti aone ngati batani lingamasuke semesita isanayambe.