Sabata ya ku Margate: kuigula kunali kophweka, kuigulitsa kunanditengera miyezi 14

Ndikufuna kunena za kampani ina yaing'ono ya ku Durban imene imagulitsa timeshare (ufulu wogona pamalo ochezera alendo sabata imodzi pachaka) za anthu amene atopa nazo. Ndinagula kudzera mwa iwo mu 2017, ndipo ndinagulitsanso kudzera mwa iwo omwewo mu 2023, kotero ntchito yawo ndinaiona mbali zonse ziwiri.

Kwathu ndi ku Ulongué, ku Angónia, ku Mozambique, koma ndakhala zaka zambiri ku Chingodzi, mumzinda wa Tete. Nthawi imeneyo ndinkakonza magalimoto akuluakulu ku kampani ina imene inali ndi kontiratu ku migodi ya malasha ku Moatize. Mkulu wathu wa ku garaja anali wa ku South Africa, ndipo chaka chilichonse ankabwera ndi zithunzi za ana ake akusewera m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lina ndinawafunsa kuti hotela yotere amalipira zingati. Anandiyankha kuti salipira hotela, ali ndi sabata yawo. Umagula ufulu wogona m'nyumba imodzi pamalo ochezera alendo kwa sabata imodzi chaka chilichonse, masabata ena 51 amakhala a anthu ena kapena okonzera nyumbayo. Anandichenjeza kuti ndisagule kwa eni malo amene amakuitanira ku msonkhano ndi chakudya chaulere, ndigule kwa munthu amene akufuna kuichotsa. Ndiwo anandipatsa nambala ya kampaniyi.

Mayi wa ku kampaniyo amene anandithandiza ananditumizira mndandanda pa WhatsApp: dera, nambala ya sabata, kukula kwa nyumba, mtengo, ndi ndalama ya pachaka imene iwo amati levy. Ine maso anga anathamangira pa mtengo. Sabata 52 ndi sabata 1, za nthawi ya Khirisimasi, zinali zodula kwambiri. Koma panali sabata 11, ya pakati pa Marichi, ku Margate, kumwera kwa Durban, nyumba ya zipinda ziwiri, marandi 18,000. Mwini wake woyamba akuti anaigula kuposa marandi 80,000. Ndinaona ngati ndatola.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo mayiwa. Ndisanalipire anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Bambo, mwaiona levy? Chaka chino ndi marandi 6,900, ndipo imakwera chaka ndi chaka. Mupite musapite, mudzalipira." Anandifunsanso ngati ana anga amakhala pa tchuthi mu Marichi. Sakhala, sukulu kuno imatsegulidwa chakumayambiriro kwa Febuluwale. Ndinawayankha kuti zimenezo ndiona ndekha. Munthu wogulitsa amene amakuuza choipa cha katundu wake ndi wosowa, ndipo ine ndinamva ndi khutu limodzi.

Mapepala anayenda bwino. Anandifotokozera kuti sindikugula nthaka kapena nyumba. Malowo ali m'manja mwa kampani, ine ndikugula masheya m'kampaniyo, ndipo masheyawo ndi amene amandipatsa ufulu wogona sabata 11. Ku South Africa zimenezi zili ndi malamulo ake, la Share Blocks Control Act la 1980 ndi la Property Time-Sharing Control Act la 1983. Kwa ife a ku Mozambique sizachilendo kwenikweni, pakuti ngakhale munda wathu wa mbatata ku Angónia nthaka yake ndi ya boma, ife tili ndi ufulu woigwiritsa ntchito basi. Chimene ndinayamikira n'chakuti ndalama zanga sanazipereke kwa wogulitsa mpaka kalata itabwera yotsimikiza kuti alibe ngongole ya levy. Pakanakhala ngongole, bwenzi itagwera ine. Patatha masabata 7 setifiketi ya masheya inafika ili m'dzina langa.

Mu Marichi 2018 tinapita ine ndi mayi akunyumba, ana tinawasiya ndi azakhali awo. Tinakwera basi kudzera pa Cuchamano, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako ina yopita ku Durban, kenako ina yaing'ono yotsika ku Margate. Masiku awiri ndi theka panjira, miyendo itatupa. Koma malowo sindingawanyoze. Kukhitchini kunali mapoto, mbale, chitofu ndi filiji, ndipo mayi anali atanyamula ufa woyera wa kwathu ndi mthiko wawo, tinadya nsima ndi nsomba titakhala pakhonde mafunde akumveka pansi pathu. Munthu wozolowera kutentha kwa Tete, kumene usiku umagona panja pamphasa, kamphepo kaja kanali mankhwala. Mayi anakhala pakhondepo mpaka usiku, atafunda chitenje, osayankhula. Sabata imeneyo ndimaikumbukirabe ndi mtima wabwino.

Ulendo unali womwewo basi. Mu 2019 ntchito sinandilole. Ndinapempha kampaniyi kuti indipezere munthu wochita lendi, anampeza, koma analipira ndalama yosafika ngakhale pa levy. Anandiuzanso za makampani osinthanitsa masabata, monga RCI, kumene umasungitsa sabata yako n'kutenga ina kwina, koma kumeneko umalipira umembala padera ndi ndalama yosinthira. Ndinawerengera n'kusiya. Mu 2020 kunabwera Covid, South Africa inatseka zonse kumapeto kwa Marichi. Mu 2021 pamalire ankafuna chikalata choyezetsa munthu aliyense. Zaka zonsezi kalata ya levy sinaphonyepo. Ndipo polipira kuchokera kuno, mametikali amayamba asinthidwa kukhala marandi, banki nayo n'kudulapo yake.

Mu Januwale 2022 mphepo yamkuntho yotchedwa Ana inadzaza mtsinje wa Revúbuè, mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka, madzi analowa m'nyumba mwathu kufika m'mawondo. Tikuyanika matiresi padenga, foni inalira, inali imelo ya levy: marandi 9,800. Mayi anayang'ana nambalayo n'kundiuza kuti, "Abambo, chikomekome cha mkuyu ichi. Chigulitseni." Chaka chomwecho kontiratu yathu ya ku migodi inatha.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. M'malo mobwerera kwa mayi aja a ku Durban, ndinalengeza ndekha pa intaneti. Pasanathe sabata bambo wina anandiimbira, Chingerezi chake chosalala, akuti ali ndi kampani yogulitsa timeshare ndipo wogula wapezeka kale, wa kunja, wokonzeka kulipira marandi 60,000. Chotsala chinali chakuti ndilipire marandi 3,500 a mapepala. Ananditumizira kontiratu yokhala ndi chidindo ndi siginecha. Ndinapempha alamu anga a ku Johannesburg kuti andilipirire, ndidzawabwezera. Patatha masiku anayi anaimbanso kuti pakufunika ena 5,000 a msonkho. Alamu anakana, anati, "Alamu, wogula weniweni safuna kuti wogulitsa ayambe walipira." Nditafunsa dzina la wogulayo, nambala ija inasiya kupezeka. Anthu amenewa amasaka mwadala ife amene tatopa ndi levy, chifukwa amadziwa kuti tikufunitsitsa kumva kuti katundu wathu ndi wamtengo.

Ndinabwerera kwa mayi a ku Durban ndili ndi manyazi. Sanandiseke. Anandiuza mosabisa kuti masabata a Marichi ali nawo ambiri ndipo ogula ndi ochepa, kuti ndikaika mtengo woposa marandi 5,000 ikhala pamndandanda zaka, ndi kuti iwo salandira kalikonse mpaka itagulidwa. Anawonjeza kuti ndili ndi mwayi kuti yanga ndi sabata yodziwika pamalo odziwika. Amene sanagule sabata yodziwika koma anagula mapointi osungitsira malo ogona m'makalabu atchuthi ndi amene amavutika koposa, ndipo madandaulo awo ndi amene anachititsa National Consumer Commission, bungwe loteteza ogula la ku South Africa, kufufuza bizinezi imeneyi kuyambira 2017. Lipoti lake linatuluka kumapeto kwa 2018, ndipo zambiri zinali za makontiratu opanda mathero, levy yokwera, ndi anthu olephera kupeza malo ngakhale ali ndi mapointi.

Pali zimene sizinandisangalatse. Pogula ankayankha uthenga tsiku lomwelo, pogulitsa ndinkadikira sabata yathunthu, nthawi zina ndinkachita kuimba ndekha ndi mayunitsi anga. Zithunzi zimene anaika zinali zakale, za nyumba isanapakidwe penti. Komanso ngakhale anandichenjeza za levy, sanandiuze mu 2017 kuti kutuluka kudzakhala kovuta chonchi, pamene iwo ankadziwa bwino. Zimenezi ndinawauza pafoni, ndipo anavomera kuti akanayenera kunena.

Wogula anapezeka patatha miyezi 14, banja lina lopuma pantchito la ku Pietermaritzburg, anthu oti pagalimoto yawo amafika ku Margate m'maola ochepa ndipo alibe ana a sukulu. Kwa anthu otere sabata 11 ndi yabwino ndithu, ndipo kampaniyi ndingawalozere popanda mantha. Kwa munthu wa ku Moatize kapena ku Tsangano, amene ulendo wokha umadya ndalama zoposa malo ogona, ndingamuuze kuti awafunse za lendi ya sabata imodzi, zimenezo amachitanso, apite akaone nyanja abwereko wopanda ngongole.

Inagulidwa marandi 4,000. Ndisanasaine ndinayenera kumaliza levy ya 2023, chifukwa kalata yomwe ija imene inanditeteza pogula tsopano inkateteza wogula wanga. Atachotsa gawo lawo, anatumiza marandi 2,600 ku akaunti ya alamu anga, ndipo ndinawauza kuti asunge, ndiwo chiyambi cha kubweza 3,500 ija. Otsalawo ndinawatumizira mu Juni, mbatata ya ku Ulongué itagulidwa.