Miyezi 12 m'chipinda cha zithunzi: ndemanga kwa ofuna kulembera

Tsiku loyamba, amayi amene ankandiyang'anira anandilanda bolopeni, nandipatsa pensulo ndi magolovesi abuluu. Kenako anaika patebulo bokosi lakuda lathyathyathya n'kunena kuti, "Tsegulani, mundiuze kuti chithunzichi chinapangidwa bwanji." Ine ndinayamba kufotokoza za bambo wandevu amene anali pachithunzipo. Iwo anangopukusa mutu. Funso lawo linali la pepala, osati la bamboyo.

Umu ndi mmene anayambira maphunziro anga m'myuziyamu ya zaluso ya pa yunivesite ina kum'mawa kwa America, kumene amatenga achinyamata ofuna kudzakhala ma-curator a zithunzi, anthu amene amasankha, kufufuza, kusamala ndi kuonetsa zithunzi. Anzanga ambiri akhala akundifunsa ngati kuli phindu kulembera, ndiye ndiyankhe onse pamodzi.

Pa nkhani yophunzitsa manja ndi maso, sindinaonepo sukulu ina yowaposa. Miyezi itatu yoyambirira ndinaithera pa galasi lokulitsira ndi tochi. Chithunzi cha bambo wandevu uja chinali cha mtundu wa albumen, pepala lopyapyala lopakidwa choyera cha dzira ndi mankhwala a siliva, luso limene Louis Désiré Blanquart-Evrard analengeza ku France mu 1850. Ukachiunikira cham'mbali umaona timing'alu tating'onoting'ono ngati m'dambo mouma mwezi wa Okutobala, ndipo malo amene anali oyera amakhala atayamba chikasu. Ndinagwiranso daguerreotype, chithunzi chapachitsulo cha kopa chokutidwa ndi siliva, cha mtundu umene Louis Daguerre anabweretsa mu 1839. Ukachiyang'ana molunjika umangodziona wekha ngati pagalasi, mpaka utachipendeketsa pang'ono, nkhope ya munthu n'kutulukira. Pamenepo mtima unandigunda. Chilibe negetivu yotsukirapo zithunzi zina zofanana nacho, kotero chilipo chimodzi chokhacho padziko lonse, ndipo chinali m'manja mwanga.

Malamulo ake ndi okhwima, koma lililonse amakuuza chifukwa chake. Kuwala kumadya chithunzi ndipo chikafufuta sichibwerera, n'chifukwa chake zithunzi zosachedwa kuwonongeka timaziunikira ndi kuwala kochepa kwambiri, kwa muyeso wa 50 lux yokha, zikakhala pakhoma miyezi ingapo n'kuzibweza m'bokosi kuti zipume. Zithunzi zamakala zimazilala ngakhale mumdima, ndiye zimagona m'chipinda chozizira. Pozitulutsa umaziyembekeza tsiku lathunthu zili m'thumba lotseka, kuopa kuti zingachite thukuta. Filimu yakale ya acetate ikayamba kuola imanunkha viniga, ndipo ya nitrate imayaka moto wovuta kuzimitsa. Mpaka lero ndikatsegula chitini cha filimu, mphuno ndiyo imayamba kugwira ntchito.

Anatitengeranso ku George Eastman Museum ku Rochester, yomwe inatsegulidwa mu 1949 m'nyumba ya George Eastman, amene anayambitsa kampani ya makamera ya Kodak. Ulendo umenewo unali wabwino, ngakhale unali wothamanga.

Tsopano pamene sanandikhutiritse. M'mwezi wachisanu anandipatsa chimbale cha zithunzi chimene banja lina linapereka, cha agogo awo amene anali mmishonale m'chigawo chapakati cha Africa. Dzina la mmishonale linalembedwa lonse, la mkazi wake, ngakhale la galu wawo. Koma mayi woima pamtondo, musi uli m'manja, mwana ali kumbuyo, pansi pake analemba mawu awiri okha Achingelezi otanthauza "mkazi wachikuda". M'kaundula wa myuziyamu, chinthu chozungulira chimene chinali kumbuyo kwake anachilemba kuti ndi kanyumba kogonamo. Inali nkhokwe. Miyendo yake yoikweza m'mwamba inkaoneka bwinobwino, denga lake laudzu lochotseka lija lilinso pompo. Ndinakhala ndi chithunzicho masana onse, ndikuyang'ana mphini za pamasaya pa mayiyo ndi chikhatho chake chimene chinagwira musi, ndikuganiza za agogo anga.

Nditawauza, anandithokoza ndipo anakonza kaundula tsiku lomwelo. Pamenepo ndiwayamikire. Koma pa ndondomeko yonse ya chaka panalibe phunziro ngakhale limodzi la mmene ungafufuzire munthu wojambulidwa, kapena mmene ungafikire abale ake. Za wojambula ankaphunzitsa mozama, chaka chimene anabadwa, kamera imene ankagwiritsa ntchito, amene anamugula zithunzi. Za wojambulidwa unkayenera kudzikakamiza wekha madzulo ukaweruka. Izi zinandiwawa, makamaka podziwa kuti nkhaniyi ndi yamoto m'dziko lomwelo. Ku yunivesite ya Harvard, yomwe si kumene ndinali ine, kunali mlandu wa zithunzi za akapolo awiri, Renty ndi mwana wake Delia, amene anajambulidwa ku South Carolina mu 1850 polamulidwa ndi Louis Agassiz, wasayansi wa pa yunivesiteyo. Mayi wina amene akuti ndi mdzukulu wa Renty anakasuma mu 2019, ndipo mu 2025 yunivesiteyo inavomera kuzipereka ku International African American Museum ku Charleston. Wophunzira ntchito imeneyi sayenera kumva nkhani yotere pa nthawi ya tiyi yokha.

Ndalama zimene amapereka ndi zokwanira lendi ya chipinda chimodzi, chakudya ndi basi. Yotumiza kumudzi musayembekezere. Komanso dziwani kuti chaka chikatha ntchito sakulonjezani, ndipo mipando ya ma-curator a zithunzi ndi yowerengeka.

Chomwe chinandikulitsa kwambiri ndi chionetsero chaching'ono chimene anandisiyira chakumapeto, zithunzi 14 pakhoma limodzi. Mawu ofotokoza chithunzi chilichonse sankayenera kupitirira 75. Amayi aja anandibwezera zolemba zanga kasanu, nthawi zonse ndi pensulo, akufunsa kuti, "Izi mwaziona pachithunzi kapena mwangoziganiza?" Ophunzira a payunivesite ankabwera m'magulu, ine n'kumawatulutsira zithunzi patebulo popanda galasi pakati. Apa ndi pamene myuziyamu ya payunivesite imapambana zikuluzikulu za m'mizinda, chifukwa zinthu zimatuluka m'bokosi mlungu uliwonse kuti anthu aphunzirepo.

Ngati muli ndi digiri ya mbiri ya zaluso kapena mwagwirapo ntchito yosunga zakale, lemberani. Pofunsidwa mafunso, inunso afunseni kuti mudzagwira zithunzi zenizeni kangati pa mlungu, ndiponso ngati adzakulolani kukonza chionetsero chanu. Ine ndinaika mayi wapamtondo uja pakati pa khoma langa, ndipo pansi pake ndinalemba kuti dzina lake silinalembedwe ndi amene anamujambula, komanso kuti chakumbuyocho ndi nkhokwe.