Template imodzi, mawebusaiti ambiri: logo tiyiike pati?

Mawebusaiti angapo akamagwiritsa ntchito template imodzi (chikombole cha maonekedwe a masamba), chimene chimayamba kuvuta ndi logo. Mutu wa tsamba ndi umodzi, koma webusaiti iliyonse ikufuna chizindikiro chake.

Ambiri amathamangira kukopera template yonse n'kusintha logo pa kope lililonse. Poyamba zimayenda, koma menyu ikadzavuta mudzakonza paliponse, ndipo pena mudzaiwala ndithu. Pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, template imabwera mu theme, ndipo child theme (theme yaing'ono yotengera zonse ku theme yaikulu) imapeputsako ntchito chifukwa mumaikamo zosiyana zokhazo. Chenjerani apa: get_template_directory_uri() imaloza ku theme yaikulu, pamene get_stylesheet_directory_uri() ndi imene imaloza ku child theme. Mukasokoneza ziwirizi, logo yanu siioneka ngakhale fayilo ilipo.

Njira ina ndi ya dzina limodzi. Template imangoti /images/logo.png, ndipo webusaiti iliyonse imasunga logo.png yakeyake m'foda imeneyo. Imandisangalatsa chifukwa siifuna pulogalamu iliyonse. Koma kamzere koyambirira kaja (/) n'kofunika kwambiri, chifukwa kamauza browser kuti iyambire patsinde pa domain. Mukakachotsa, chithunzi chimafunidwa kuchokera pamene pali tsambalo, ndiye logo imaoneka patsamba loyamba n'kusowa pa /nkhani/lero/. Msampha wina uli mu CSS, malangizo a kaonekedwe ka tsamba. Adiresi yolembedwa mu url() imawerengedwa kuchokera kumene kuli fayilo ya CSS, osati tsamba. Ngati mawebusaiti onse akukoka CSS ku domain imodzi, onse avala logo ya kumeneko. Njirayi imagwanso mawebusaiti akakhala m'mafoda a domain imodzi, monga example.com/a ndi example.com/b, pakuti tsinde lawo n'limodzi.

Pali enanso amene amalemba m'kati mwa template kuti $_SERVER['HTTP_HOST'] (dzina la domain imene mlendo watsegula) ikakhala yakuti, tulutsa logo yakuti. Imeneyi ine sindiilimbikitsa. Domain ya www ndi yopanda www zimaoneka ngati ziwiri, webusaiti yoyeserera imasowa logo, ndipo ikabwera yatsopano mumatsegulanso fayilo imene onse akudalira.

Imene ndimasankha ndi yoti template isadziwe n'komwe dzina la chithunzi, ingofunsa webusaiti kuti logo yako ili kuti. WordPress inabweretsa zimenezi mu version 4.5, m'chaka cha 2016: theme imaitana the_custom_logo(), mwini webusaiti n'kukweza chithunzi yekha. Chimene chimasungidwa ndi nambala ya chithunzicho, osati adiresi yonse, choncho mukasamukira ku domain ina logo imatsatira. Pa Multisite (WordPress imodzi yoyendetsa mawebusaiti ambiri), webusaiti iliyonse yowonjezera ili ndi foda yake, monga wp-content/uploads/sites/2, motero zithunzi sizisakanikirana. Ngati template munalemba nokha, kafayilo ka config (kosunga zosankha) pa webusaiti iliyonse n'kokwanira: njira ya logo, mawu a alt (ofotokoza chithunzicho), ndi kukula kwake. Kukulako musakuiwale, chifukwa logo ina ndi yaitali cham'mbali, ina ndi yozungulira, ndipo zonse ziyenera kukwana pamutu womwewo. Mtengo wake ndi ntchito yoikonza koyamba, komanso muyenera kuganiziratu choti chioneke ngati wina sanaike logo. Dzina la webusaiti m'zilembo limakwanira.

Njirayi imaposanso ya dzina limodzi pa tsiku losintha logo. Mukalemba chithunzi chatsopano pamwamba pa logo.png, browser ya mlendo ikhoza kupitiriza kuonetsa chakale chimene inasunga. Pa config mumangokweza logo-2.png, n'kusintha mzere umodzi, yatsopano n'kuyamba kuoneka.